Makiyi, kanjedza ndi chigaza: kodi zithunzi zakale za oyera zimanena chiyani?

Ukalowa m'nyumba ya Mkatolika wachikulire ku Chintheche, ku Kande kapena ku Mpamba, diso limathamangira pakhoma. Pambali pa kalendala ndi chithunzi cha ukwati wa mwana pamakhala bambo wandevu atanyamula makiyi, kapena mayi ataponda njoka, kapena Yesu akuonetsa mtima woyaka moto. Zina ndi timapepala totha kulowa m'thumba la malaya, timene takhala m'buku la mapemphero zaka zambiri mpaka kufiirira. Kuno kunyanja, kumene ambiri anakulira m'matchalitchi a Livingstonia a makoma opanda chithunzi ndi chimodzi chomwe, timapepala timeneti timautsa mafunso. Ena amafunsa monyoza, ena mwamantha, koma ambiri amangofuna kudziwa.

Akamati chithunzi "chozokota" amatanthauza chiyani?

Kamera isanabwere, wofuna kuchulukitsa chithunzi ankachita kuchidinda. Mmisiri ankatenga mkuwa wophwatalala, wosalala ngati galasi, n'kumaukanda ndi kachitsulo kakuthwa, kukumba timizere topyapyala ngati tsitsi. Utoto panalibe. Akafuna mthunzi wa pansi pa chibwano kapena makwinya a mkanjo ankathinanitsa mizere, ina n'kuidutsitsa mopingasa, ndipo pofunika kuwala ankangosiyapo osakhudza. Akatha ankapaka inki mkuwa wonse, n'kupukuta pamwamba kuti inkiyo itsalire m'timizere mokha. Kenako ankayala pepala lonyowetsa pang'ono ndi kulipanikiza pamakina. Zonse ankazilemba motembenuza, monga zilili zilembo za pachidindo cha kwa mfumu, kuti papepala zikatuluke zolunjika.

Likulu la ntchitoyi m'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 linali mzinda wa Antwerp, m'dziko limene lero ndi Belgium. Kumeneko mu 1593 kunatuluka buku la wansembe wachijezwiti, Jerónimo Nadal, la zithunzi 153 za moyo wa Yesu, ndipo zambiri mwa izo anazokota ndi abale a banja la Wierix. Pepala n'lopepuka, silisweka m'ngalawa ngati chosema, ndiye amishoni analitengera ku China, ku India ndi ku South America, kumene amisiri a ku Peru ndi ku Mexico ankaonera pomwepo pojambula zithunzi zikuluzikulu za m'matchalitchi. M'zaka za m'ma 1800 anayamba kuzokota pachitsulo cholimba, chosafufutika msanga, ndipo masitolo ozungulira tchalitchi cha Saint-Sulpice ku Paris anadzaza dziko ndi timakhadi ta oyera, tina ta m'mphepete mobowolabowola ngati lesi.

Kodi nkhope zimenezi n'zenizeni za anthuwo?

Zambiri ayi. Palibe amene anajambula Petro, Paulo, Yosefe kapena Maria ali moyo. Chimene chilipo ndi mwambo wa amisiri. Kuyambira zaka za m'ma 300, Petro amamupatsa ndevu zazifupi zopotana, Paulo dazi ndi ndevu zazitali, ndipo mmisiri aliyense wobwera pambuyo ankangotsata pomwe anaponda anzake. Oyera a pambuyo ndiwo ali ndi nkhope zodalirika. Ignasio wa ku Loyola atamwalira mu 1556 anaumba chikombole pankhope yake, ndipo zithunzi zake zinachokera pamenepo. Tereza wa ku Lisieux, amene anamwalira mu 1897, mkulu wake Céline anamujambula ndi kamera kangapo. Komabe chithunzi chake chimene chinafala kwambiri, cha maluwa ndi mtanda pachifuwa, n'chojambula pamanja ndi Céline yemweyo mwini wake atamwalira kale, ndipo nkhope inasalazidwako ndithu.

Wozokota sankafuna kutiuza kuti mphuno ya Petro inali yotani. Ankafuna kuti munthu wosadziwa kuwerenga akangoona anene kuti uyu ndi Petro, n'kukumbukira nkhani yake.

Nanga ngati nkhope si yake, timamudziwa bwanji?

Yang'anani m'manja. Pa malipenga mlendo amangoona amuna ovala zoyera akuvina, koma mwana wa pamudzi amakulozera kuti uyo ndi kingi, uyo ndi dokotala, poona zimene avala ndi zimene anyamula. Zithunzi za oyera zimawerengedwa chimodzimodzi: dzina la munthu lili pa chimene wagwira.

Wa makiyi ndi Petro, chifukwa cha Mateyu 16:19, pamene Yesu akumulonjeza makiyi a ufumu. Nthawi zina pambali pake pamakhala tambala, kukumbutsa usiku umene anakana Mbuye wake katatu. Amisiri sanamubisire manyazi ake. Ndiye nkhoswe ya tchalitchi chachikulu cha dayosizi ku Mzuzu. M'bale wake Andreya, msodzi mnzake, amatsamira mtanda wopingasa ngati chilembo cha X, umene mwambo umati anapachikidwapo. Wa lupanga ndi buku ndi Paulo, ndipo lupangalo likunena ziwiri: imfa yake, pakuti mwambo umati anadulidwa mutu ku Roma, ndiponso mawu a Mulungu amene iye anawayerekeza ndi lupanga pa Aefeso 6:17. Lamulo lake n'lakuti wofera chikhulupiriro kawirikawiri amanyamula chimene chinamupha kapena chimene anamuzunza nacho. Stefano ali ndi miyala, Laurenti chitsulo chowotcherapo, Katarina wa ku Alexandria wilo la misomali.

Awiri amene anthu amawasokoneza kawirikawiri ndi Yosefe ndi Antonio wa ku Padua, popeza onse amanyamula mwana Yesu ndi duwa loyera la kakombo, chizindikiro cha kudzisunga. Yosefe, nkhoswe ya parishi ya Nkhata Bay, ndi bambo wandevu, ndipo mwina pambali pali zida za ukalipentala. Antonio ndi mnyamata wopanda ndevu, wometa pakati pa mutu, wovala mkanjo womanga ndi chingwe m'chiuno, ndipo mwanayo nthawi zambiri amakhala pabuku. Mukaona munthu wakuda wovala mkanjo atagwira tsache, ameneyo ndi Martin de Porres wa ku Lima, mwana wa mayi amene anali kapolo n'kumasulidwa. Ankasesa ndi kusamala odwala m'nyumba ya Adominikani mpaka kumwalira kwake mu 1639, ndipo anatchulidwa woyera mu 1962. Pa onse, ine amene amandigwira mtima ndi ameneyu. Ena anyamula makiyi ndi malupanga, iye tsache.

Olemba Uthenga Wabwino anayi amadziwika ndi zimene zili pambali pawo: Mateyu munthu wamapiko, Marko mkango, Luka ng'ombe, Yohane chiwombankhanga.

Kodi chozungulira cha kumutu chija n'chiyani?

N'kuwala, chizindikiro chakuti munthuyo ali mu ulemerero wa Mulungu. Akhristu sanachiyambe okha, Aroma ndi Agiriki akale ankachiika kale pamitu ya milungu ndi mafumu awo. Nachonso chili ndi malamulo. Chokhala ndi mtanda mkati n'cha Yesu. Cha ngodya zitatu n'cha Mulungu Atate, kutanthauza Utatu Woyera. Maria kawirikawiri amazunguliridwa ndi nyenyezi 12. Ndipo mu 1625 Papa Urban VIII analetsa kujambula kuwala kumeneku pamutu pa munthu amene Mpingo sunamuvomereze kuti ndi wodala kapena woyera. Ndiye mukaona khadi la wansembe kapena sisiteri wopanda kuwala kumutu, si kuti wosindikiza anaiwala ayi. Mwina nkhani yake inali isanathe ku Roma pamene khadilo linkadindidwa.

Bwanji ambiri agwira tsamba la kanjedza?

Kanjedza ndi chizindikiro cha wofera chikhulupiriro. Kwa Aroma akale linali tsamba la wopambana pa mpikisano, ndipo pa Chivumbulutso 7:9 khamu loima pamaso pa Mwanawankhosa lagwira masamba omwewo. Tanthauzo lake n'lakuti amene dziko linamuona ngati wagonja ndiye wapambana. Ndi tsamba lomwe lija timanyamula pa Lamulungu la Kanjedza n'kukalipachika kuseri kwa chithunzi kunyumba.

Pano nkhani ikufika pafupi nafe. Pakati pa 1885 ndi 1887, mfumu Mwanga II ya ku Buganda inapha anyamata ndi abambo ambiri achikhristu, Akatolika ndi Aangilikani omwe. Akatolika 22 mwa iwo anatchulidwa odala mu 1920, ndipo Papa Paul VI anawatchula oyera pa 18 Okutobala 1964. Karoli Lwanga anatenthedwa ku Namugongo pa 3 Juni 1886, n'chifukwa chake pazithunzi zawo pamaoneka malawi a moto pamodzi ndi kanjedza. Kamnyamata ka patsogolo ndi Kizito, wamng'ono pa onse. Mayina awo anakhazikika kwathu kuno: seminale ya Kizito Woyera ku Dedza, parishi ya Karoli Lwanga ku Zomba, ngakhalenso episkopi wa Mzuzu amene anamwalira mu 2015, Ambuye Joseph Mukasa Zuza, amene dzina lawo n'lomwe lija la Joseph Mukasa Balikuddembe, woyamba kuphedwa mwa Akatolikawo mu Novembala 1885.

Chigaza, njoka, mtima wobayidwa, zilembo zosadziwika: zimenezi si zaufiti kapena zausatana?

Funsoli limamveka kwambiri masiku ano, makamaka kwa achinyamata amene amva maulaliki a pa WhatsApp onena za zizindikiro zobisika. Palibe chobisika apa. Chigaza chimene chimakhala patebulo pa Jerome, m'manja mwa Fransisko wa ku Assisi kapena pambali pa Maria wa ku Magadala chikunena zomwe wansembe amanena pa Lachitatu la Phulusa, kuti tonse tidzabwerera kudothi. Chigaza cha patsinde pa mtanda chili ndi nkhani yakeyake: dzina lakuti Gologota limatanthauza malo a chigaza, ndipo mwambo wakale unkati Adamu anaikidwa pomwepo.

Njoka siili pampando, ili pansi pa phazi. Chithunzi cha Maria ataponda njoka chikuchokera pa Genesis 3:15, ndipo mwezi wa kumapazi ndi nyenyezi za kumutu zikuchokera pa Chivumbulutso 12:1. Mtima woyaka moto, wozengedwa ndi minga, wokhala ndi mtanda pamwamba ndi bala pambali, ndi Mtima Woyera wa Yesu, umene unafala chifukwa cha sisiteri Margaret Mary Alacoque wa ku Paray-le-Monial ku France, amene ananena kuti anaona masomphenya pakati pa 1673 ndi 1675. Moto ndi chikondi, minga ndi machimo a anthu. Mtima wozengedwa ndi maluwa, wobayidwa ndi lupanga, ndi wa Maria, kutsata mawu a Simeoni pa Luka 2:35.

Zilembo nazo n'zachidule chabe. IHS ndi zilembo zitatu zoyamba za dzina la Yesu m'Chigiriki, ndipo Ajezwiti anazitenga kukhala chizindikiro chawo. INRI ndi zilembo zoyamba za mawu Achilatini a mlandu umene Pilato analemba pamtanda. Chooneka ngati P wopingasidwa ndi X ndi zilembo ziwiri zoyamba za dzina la Khristu m'Chigiriki.

Zina anthu a kunyanja angazimve msanga kuposa a kumtunda. Nangula ndi chiyembekezo, kutsata Ahebri 6:19, ndipo amene anaonapo Ilala itaima pa Usisya mphepo ikuwomba safuna womasulira. Nsomba inali chizindikiro cha Akhristu oyamba chifukwa zilembo za mawu akuti nsomba m'Chigiriki ndizo zoyamba za mayina a Yesu. Palinso mbalame ya vuwo ikudzijompha pachifuwa kuti idyetse ana ake magazi, kuimira Yesu mu Ukaristia. Apa amisiri anatsata nthano ya ku Ulaya. Vuwo weniweni sachita zimenezo, amadyetsa ana ake nsomba zimene wameza. Msodzi akanawauza.

Zithunzizi zinafika liti kuno kunyanja?

Mochedwa, poyerekeza ndi madera ena. M'chigawo chino cha Afrika nkhani yakale yodziwika bwino ndi ya Gonçalo da Silveira, Mjezwiti wa ku Portugal amene anadzera ku Sena ndi ku Tete n'kufika ku bwalo la mfumu ya Mutapa kumapeto kwa 1560. Ananyamula chithunzi chautoto cha Maria, mfumuyo inachikonda n'kuchipempha, ndipo inabatizidwa. Patangopita milungu yowerengeka, mu Malichi 1561, Silveira anaphedwa pa bwalo lomwelo, anthu atamuneneza kuti ndi kazitape ndi mfiti. Mantha akuti zinthu za wansembe zili ndi mankhwala si a lero.

Ku Malawi kuno, Ansembe Oyera a Kadinala Lavigerie anafika kwa Mponda ku Mangochi mu 1889 koma anachoka mu 1891. Amontfort anatsegula Nzama ku Ntcheu mu 1901, Ansembe Oyera n'kubweranso kudzatsegula Mua mu 1902. Nthawi imeneyo dziko la Atonga linali kale m'manja mwa Asikotishi. Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ya Livingstonia ku Bandawe mu 1881 kuchoka ku Cape Maclear, ndipo ngakhale likulu linapita ku Khondowe mu 1894, sukulu za Bandawe zinali zitamwazika kale m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja. Amene anagwedeza Livingstonia kuno sanali Akatolika, anali mwana wa komwe kuno, Elliot Kamwana, amene anabatiza anthu zikwizikwi mu 1908 ndi 1909. Akatolika anatsegula mishoni yawo yoyamba kumpoto ku Katete, m'boma la Mzimba, mu 1938. Chigawo cha kumpoto chinaima pachokha mu 1947, n'kukhala Dayosizi ya Mzuzu mu 1961.

Zaka zimenezi zikutiuza kanthu kena. Pamene Akatolika ankafika ku Nkhata Bay, nyengo yozokota pamkuwa inali itapita kale. Makhadi ambiri amene ali m'nyumba zathu ndi amitundumitundu, osindikizidwa pamakina a m'zaka za m'ma 1900. Chimene chinapulumuka ndi chilankhulo chake. Makiyi, kakombo ndi kanjedza za pa khadi la m'ma 1950 n'zomwe zija za amisiri a ku Antwerp.

Kodi kumeneku si kupembedza mafano kumene Baibulo linaletsa?

Apa ndiye pagona mkangano, ndipo ndi wakale kuposa Bandawe ndi Katete. A Chipresibateriya amaima pa Eksodo 20:4-5, lamulo loletsa kupanga fano ndi kuligwadira, limene iwo amaliwerenga ngati lachiwiri loima palokha. Mpingo wa ku Scotland, motsogozedwa ndi John Knox, unachotsa zithunzi ndi zosema m'matchalitchi cha m'ma 1559 ndi 1560, ndipo makoma opanda kanthu a tchalitchi chakale cha Bandawe ndi zidzukulu za ganizo limenelo. Kupanda kanthuko nako ndi ulaliki: Mulungu amamveka m'Mawu, saoneka ndi maso.

Akatolika amawerenga mavesi omwewo ngati mbali ya lamulo loyamba, loletsa milungu ina. Amakumbutsa kuti m'buku lomwelo, pa Eksodo 25:18, Mulungu analamula kusula akerubi awiri agolide, ndipo pa Numeri 21 Mose anapanga njoka yamkuwa. Msonkhano wachiwiri wa ku Nicaea mu 787 unagamula kuti kupembedza n'kwa Mulungu yekha, ndipo ulemu woperekedwa kwa chithunzi umapita kwa mwini chithunzi. Msonkhano wa ku Trent mu 1563 unabwereza zomwezo, n'kuonjeza kuti m'chithunzi mulibe umulungu kapena mphamvu iliyonse, ndipo munthu asaikepo chikhulupiriro chake. Mkatolika adzakuuzani kuti mayi wopsompsona chithunzi cha mwana wake amene ali ku Joni sakupsompsona pepala.

Koma wa CCAP naye ali ndi poyankhira. Njoka yamkuwa ija, pa 2 Mafumu 18:4, mfumu Hezekiya anaiphwanya chifukwa anthu anayamba kuifukizira lubani. Chinthu chabwino chikhoza kusanduka fano m'manja mwa munthu. Ine ndimaona kuti mbali zonse ziwiri zikuopa ngozi yeniyeni, ndipo mkanganowu sungathere pa khonde madzulo amodzi. Chokha choti tikonze n'chakuti si zoona kuti amishoni a Chipulotesitanti sankagwiritsa ntchito zithunzi. David Livingstone ankayenda ndi nyali yoonetsera zithunzi pansalu. Mu 1854, kwa mfumu Shinte ya Alunda, anaonetsa Abrahamu atasamula mpeni pa Isaki, ndipo pochotsa chithunzicho amayi anabalalika poganiza kuti mpeniwo ukubwera kwa iwo. Kusiyana kunali pa malo. Kwa iwo chithunzi chinali cha pophunzitsa, osati cha popemphera. Ndipo tsidya la nyanja, ku Likoma, Aangilikani amene anayamba kumanga tchalitchi cha St Peter's mu 1903 sanaope mtanda wosema kapena mawindo a zithunzi.

Nanga bwanji pafupifupi onse ndi azungu?

Chifukwa ojambula anali a ku Ulaya, ndipo anajambula anthu onga amene ankakumana nawo pamsika. Yesu, Maria ndi atumwi anali Ayuda a ku Palestina. Augustino ndi mayi ake Monika anali a kumpoto kwa Afrika, m'dziko limene lero ndi Algeria, koma pamakhadi amaoneka ngati a ku France. Vutoli si la Akatolika okha. Chithunzi cha nkhope ya Yesu wa tsitsi lofewa chimene chili m'nyumba zambiri za mipingo ina anachijambula ndi Warner Sallman, Mpulotesitanti wa ku Chicago, mu 1940.

Koma khungu si nkhani yonse. Munthu akaphunzira kuwerenga zithunzizi amayamba kuonanso zimene wozokota sanaganize kuti akunena. Tengani makhadi a Fransisko Xavier akubatiza ku Asia, kapena a Petro Claver pakati pa akapolo pa doko la Cartagena. Onani amene waima ndi amene wagwada. Onani amene kuwala kwamugwera ndi amene ali mumthunzi wa mizere yothinana. Onani pansi pa chithunzi kuti dzina lalembedwa n'la yani. Wogwadayo alibe dzina, alibe chonyamula, alibe nkhani. Ali pamenepo kuti aonetse ukulu wa woimayo. Onjezanipo zithunzi za Mikaeli mngelo, woyera mbee, ataponda satana wodetsedwa dala. Mwana wa sukulu ya mishoni ankaona zimenezi tsiku ndi tsiku, ndipo phunziro linkalowa popanda mphunzitsi kutsegula pakamwa. Wina akati mtundu wakuda pamenepo ukungoimira mdima wa tchimo, akhoza kukhala akunena zoona za maganizo a mmisiri, koma mwanayo ankadziyang'ana khungu lake.

N'chifukwa chake makhadi a Amaritiri a ku Uganda anali nkhani yaikulu. Apa munthu wakuda ndiye waima, kuwala kuli pamutu pake, kanjedza ali m'manja mwake, dzina lake lili pansi. Pambuyo pake kunabwera Josephine Bakhita wa ku Sudan, amene anagulitsidwa ukapolo ali mwana, n'kutchulidwa woyera mu 2000. Mu 1963 Msonkhano wachiwiri wa ku Vatican unanena poyera kuti Mpingo ulibe kajambulidwe kamodzi kamene ukuti n'kakekake, ndipo luso la mitundu yonse lili ndi malo. Ku Mua, bambo Claude Boucher, amene anthu anawatcha Chisale, anatsegula malo a KuNgoni mu 1976, kumene amisiri a komweko amasema Yesu ndi Maria ndi nkhope, zovala ndi zizindikiro za kwathu. Amene sanafikeko apite akaone. Koma pitani m'sitolo ya mabuku a Mpingo mukaone zimene anthu akugula. Yesu wa maso obiriwira akadali pamsika, ndipo amene akumugula tsopano ndife.

Kodi mendulo kapena khadi la woyera lingamuteteze munthu panyanja?

Mendulo imene ambiri amavala, ya Maria atatambasula manja, kuwala kukutuluka m'zala, kumbuyo kuli chilembo cha M, mtanda ndi mitima iwiri, inachokera ku Paris, kumene sisiteri Catherine Labouré ananena kuti anaona Maria mu 1830. Zoyamba zinasulidwa mu 1832. Chithunzi chomwecho n'chimene a Legio ya Maria amaika patebulo pamsonkhano wawo. Bungweli linayamba ku Dublin mu 1921, ndipo Edel Quinn, mtsikana wa ku Ireland amene analifalitsa kum'mawa kwa Afrika kuyambira 1936, anafika mpaka ku Nyasaland.

Chiphunzitso cha Mpingo n'chomveka: mendulo si chithumwa. Ndi chikumbutso cha pemphero, ndipo mphamvu siili m'chitsulomo. Koma tisanamizane. Mnyamata wopita kokoka chilimira usiku, mendulo m'khosi, kanthu kena komangidwa m'chiuno, mwina sakusiyanitsa ziwirizo, ndipo akatekisiti akudziwa bwino zimenezi. Wovala mendulo kuti akumbukire kupemphera ali m'njira ya Mpingo wake. Woivala kuti alowe m'bwato mwera utayamba kale, ameneyo watsimikizira mnzake wa CCAP zonse zimene amanena.

Ndili ndi khadi lakale la agogo. Ndingadziwe bwanji ngati n'lozokota, ndipo lingagulitsidwe ndalama zambiri?

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Litengereni panja m'mawa, muliike pansalu yoyera, mulijambule ndi foni n'kukulitsa chithunzicho. Mukaona nkhope yopangidwa ndi timizere tosongoka kumapeto, tina topingasana, ndiye kuti n'lozokota kapena linakopedwa ku lozokota. Mukaona timadontho tolinganizidwa bwino ngati ta m'nyuzipepala, n'la makina a pambuyo. Yendetsani chala pang'onopang'ono. Pa lozokota lenileni inki imamveka yotukuka pang'ono, ndipo ngati pepala silinadulidwe, m'mphepete mumakhala kamzere kolowa mkati kamene mkuwa unasiya popanikiza. Pansi penipeni pamakhala timawu tating'ono. Dzina lotsatana ndi "sc." kapena "sculp." n'la wozokota, la "del.", "inv." kapena "pinx." n'la amene anajambula choyambirira, la "exc." n'la wosindikiza. Mukhozanso kupeza dzina la mzinda, Paris kapena Milano.

Za ndalama musayembekeze zambiri. Makhadi amenewa ankadindidwa miyandamiyanda. Chuma chake chili kuseri. Ndinagwirapo lina la Tereza, mawu ake Achifalansa amene mwini wake, mayi wokalamba, sanawawerengepo chibadwire. Kuseri kunali dzina lawo la ubatizo, lolembedwa ndi pensulo m'malembedwe opendama a wansembe, ndipo pangodya panali poderako, pamene chala chachikulu chinkagwira popemphera. Ndinawafunsa kuti mayi wa pachithunziyu ndani. Anati, "Ndi amzanga a dzina." Za maluwa ndi mtandawo anandifotokozera bwino kuposa mmene ndalembera pano.

Mdani wa khadi kuno kunyanja ndi chinyezi, mphemvu, njenjete ndi chiswe. Musalimate ndi selotepi, pakuti guluu wake umadya pepala n'kusiya banga lofiira. Musalipititse kokutira pulasitiki ya moto, chifukwa likalowa mmenemo silitulukanso. Musalikhomere ndi msomali kapena pini, dzimbiri limalowa. Likakhala m'felemu lisakhudze galasi, ndipo lisakhale pakhoma lowombedwa ndi dzuwa kapena lonyowa nthawi ya dzinja. Liikeni mu envulopu ya pepala loyera, m'bokosi lokhala pamwamba, n'kumalitulutsa nyengo ya chilimwe kuti lipitidwe mphepo pamthunzi. Lijambuleni mbali zonse ziwiri. Ndipo ngati agogowo akadali moyo, khalani nawo pansi lero lomwe muwafunse amene anawapatsa, kumene anali, ndi chaka chake, mulembe pa pepala lina n'kuliika mu envulopu momwemo.